Sukulu ya Kumwetulira ya ku Gwadani

Mu ufumu wa Gwadani, m'zaka za Mfumu Tsinzinani Wachinayi, munalibe vuto limene silinkathetsedwa ndi maphunziro. Mlatho ukagwa, anthu ankaphunzitsidwa kusambira. Chimanga chikasowa, ankaphunzitsidwa kutafuna pang'onopang'ono. Okonza maphunzirowa anali a Bungwe la Olemba Anthu Ntchito, gulu la eni mafakitale, minda ya fodya ndi masitolo, anthu okonda antchito awo kwambiri moti mwezi ndi mwezi ankakwera ku hotela ya pa phiri la Iwalani kukakambirana za iwo, kutali ndithu, kumene fungo la thukuta silifika.

Wapampando wa bungweli anali Bwana Makhuta, mwini fakitale ya sopo mu mzinda wa Indebwana. M'fakitale mwakemo munali mayi wina dzina lake Nangondo, amene anali atatakasa sopo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Sopo amaphikidwa ndi soda waukali uja amene akakudonthera pakhungu amadya mnofu ngati moto. Nangondo ankaima pa mgolo tsiku lonse, mthiko wautali kuposa iye mwini uli m'manja, ndipo manjawo anali atasanduka khungwa la mtengo: ming'alu yokhayokha, zikhadabo zitatu zinapita kalekale. Chaka china soda anamuthovukira kumaso n'kumuotcha mlomo wam'mwamba. Bala litapola linakokera mlomowo mbali imodzi, mano n'kutsala pamtunda. Kuyambira pamenepo ankaoneka ngati akuseka nthawi zonse, ngakhale pa maliro a mwamuna wake, ndipo achibale a malemuyo anamunena chaka chathunthu.

Antchito a pa migolo analembera bwana wawo kalata yaulemu. Sanapemphe zambiri. Anangoti tipatseni magolovesi a mphira, manja akutha. Bwana Makhuta anainyamula kalatayo kupita nayo ku Iwalani, kumene mabwana anaisinkhasinkha masiku anayi, akupumira pa nkhuku yootcha. Tsiku lachisanu anatsika ndi yankho: vuto la antchito silinali m'manja, linali m'maganizo. Wantchito wokondwa samva kuwawa. Choncho Bungwe, mwa chifundo chake, linakonza maphunziro otchedwa Kumwetulira Pantchito, Gawo Loyamba.

Wodzaphunzitsa anali a Dokotala Bwerezani, bambo wa suti yonyezimira ndi chikwama chodzaza zolembera zamitundumitundu. Atangotsika galimoto, Eneresi, mnzake wa Nangondo wa pa mgolo woyandikana nawo, mayi wa pakamwa posatseka, anathamanga kukawaonetsa chala chimene chinali chitayamba mafinya.

"Ayi, mayi," anatero a Dokotala akubwerera chafutambuyo, "ine si dokotala wa zimenezo."

"Nanga ndinu wa ziti?"

"Wa kakhalidwe ka anthu pantchito."

"Oo," anatero Eneresi. "Ndiye ife tikudwala khalidwe."

Maphunziro ankachitika Loweruka masana, nthawi yoweruka, m'shedi yosungiramo migolo. Aliyense analandira tisheti yachikasu yolembedwa kuti NDINE WOKONDWA. A Dokotala anapachika pepala lalikulu pakhoma, najambulapo nkhope ziwiri, ina mlomo wogwera pansi, ina wokwera m'mwamba, n'kufunsa kuti wantchito wabwino ndi uti. Kenako anawauza kuti anene pamodzi kakhumi: fakitale ino ndi banja langa.

"Ngati ndi banja," anafunsa Eneresi atakweza dzanja, "ankhoswe ali kuti? Ndili ndi madandaulo."

A Dokotala anati mafunso adzayankhidwa mu Gawo Lachiwiri. Atatero anayamba kuyenda m'mizere kuyendera milomo. Uyu anamuuza kuti akungoonetsa mano ngati galu, uyo kuti maso ake sakugwirizana ndi pakamwa. Atafika kumbuyo kwenikweni anaima chilili. Pamenepo panali Nangondo, atapinda manja, mtima uli fwaa ndi ukali poganiza zovala za adzukulu ake zimene zinali kumudikira pa beseni.

"Taonani mayi awa!" anafuula a Dokotala. "Uku ndiye kumwetulira! Kosatopa, kosasintha! Mayi, chinsinsi chanu n'chiyani?"

"Sindikuseka, bambo. Ndi chipsera cha soda."

"Kudzichepetsa! Nonse lembani: wantchito wabwino sadzitama."

Pasanathe mwezi, nkhope ya Nangondo inali pa zikwangwani m'misewu yonse ya Indebwana. Bungwe linalengeza kuti iye ndiye wophunzira wopambana mu ufumu wonse, ndipo pa Tsiku la Antchito Othokoza akaonekera pamaso pa Mfumu. Anamupatsa pepala la mawu oti aloweze pamtima, othokoza Mfumu chifukwa cha dzuwa, Bungwe chifukwa cha nzeru, ndi Bwana Makhuta chifukwa chobadwa.

Anzake anamuzungulira pa mpopi nthawi yosamba m'manja.

"A Nangondo, mwayi wake ndi umenewu," anatero Eneresi. "Kalata zathu zimathera m'mbale za nkhuku. Inu mukaima pamaso pa eni dziko. Mukawaonetse manjawa."

"Mukuiwala kuti nyumba ndikukhalayi ndi ya kampani?" anayankha Nangondo. "Adzukulu atatu amene anandisiyira mwana wanga uja ndikawagoneka pati?"

Eneresi anangopitiriza kutsuka chala chake chija, akuluma mano, ndipo Nangondo anaona kuti mafinya afika pa mfundo yachiwiri. Nayenso zala zake zija zinayamba choncho.

Bwalo la Mfumu linali ndi mwambo wake. Mfumu ya Gwadani sinkayenera kuona chinthu chosautsa mtima, choncho Tsinzinani Wachinayi ankaweruza dziko ali chitsinzinire, ngati mmene ankachitira atate ake. Pambali pake pankaima nduna yotchedwa Maso a Mfumu, imene inkayang'ana m'malo mwake n'kumuuza zimene zikuoneka. Pa zaka makumi atatu ndunayi inali isanaonepo chilala, dzenje la mumsewu, kapena mwana wa nthiti zowerengeka.

Nduna zinalankhula kuyambira m'mawa. Nduna ya Zantchito inati antchito a ku Gwadani ndi okondwa kuposa mbalame. Bwana Makhuta anati Bungwe laphunzitsa milomo yambirimbiri, ndipo ngozi za pantchito zatheratu chifukwa palibenso amene akuzinena. Dzuwa lili paliwombo anaitana Nangondo. Anali atamuveka tisheti yatsopano, manja atawakulunga munsalu yoyera kuti asasokoneze chithunzi.

Anagwada. Anayamba bwinobwino: "Ine wantchito wamng'ono, ndikuthokoza mwini dziko chifukwa cha dzuwa..." Pamenepo analekeza. Anamva a Dokotala Bwerezani akumunong'oneza mzere wotsatira kumbuyo. Kenako anagwira nsonga ya nsalu ndi mano, naimasula, nakweza manja onse awiri m'mwamba.

"Mwini dziko, pepani. Ife kuseka timadziwa kale, tinabadwa nako. Chimene tikupempha ndi magolovesi. Taonani manjawa."

Mayi wina wa m'nyumba yachifumu anatembenuza nkhope.

"Akuonetsa chiyani?" inafunsa Mfumu.

Maso a Mfumu anayang'ana manjawo. "Wakweza manja kukutamandani, mwini dziko. Ndipo akumwetulira."

"Chabwino. Koma ndamva ngati watchula magolovesi."

Bwana Makhuta anali atafika kale pansi ndi mawondo onse awiri. "Ndi mutu wa phunziro limene akufuna kukaphunzitsa anzake, mwini dziko. Mayiyu nzeru zamudzadza mpaka zikutayikira. N'chifukwa chake Bungwe laganiza zomukweza. Kuyambira lero achoke pa mgolo, akhale mphunzitsi woyendayenda."

Mfumu inakondwa, nilamula kuti zilembedwe. Anthu anaomba m'manja, amene manja awo ankalola. Potuluka, Bwana Makhuta anamugwira Nangondo pa chigongono mwachikondi, kuti ojambula aone, namuuza chapansipansi: "Mayi, mukapita kutali ndi fakitale yanga. Mukawerenga zimene zili m'buku, osawonjezera ngakhale chifuwa. Mukapotoza, katundu wanu mudzamupeza panja."

Kalasi yake yoyamba inali ku Khosomolani, kumene amaotcha laimu. Anthu makumi asanu anakhala pansi pa mtengo, oyera mbuu ngati mizukwa, atavala matisheti achikasu. Nangondo anatsegula buku la a Dokotala nayamba kuwerenga, chala chikutsata mizere. Anawerenga kuti wantchito ayenera kudzuka ndi nyimbo mumtima. Kutsogolo kunali bambo wina wachikulire amene maso ake anali ofiira ngati nyama yaiwisi, misozi ikungoyenderera yokha.

"Bambo, masowo mwathiramo chiyani?"

"Laimu anandigwera dzana, aphunzitsi. Akapitao anati ndipake mafuta ophikira."

Nangondo anayang'ana buku, nayang'ana bamboyo. Analitseka bukulo n'kulikhalira, poti mwala woti akhalepo unali wotentha.

"Bweretsani ndowa ya madzi," anatero. "Mafuta ayi. Soda kapena laimu akakugwera, ndi madzi, madzi ambiri, osaleka mpaka mkono wa wothirayo utope. Bwerani pafupi nonse muone."

Tsiku limenelo anawaphunzitsa zimene zaka makumi awiri ndi ziwiri zinamuphunzitsa iye. Anawaonetsa kudula chubu chakale cha galimoto n'kusoka zotchingira mikono. Anawauza kunyowetsa nsalu yomanga kumphuno, ndi kuimira kumene mphepo ikuchokera. Anthu amene ankagona m'makalasi a a Dokotala anali tcheru, ena akuthamanga kukaitana anzawo. Dzuwa litapendeka, bambo wa maso ofiira uja anafunsa:

"Aphunzitsi, zonsezi n'zozembera chabe. Nanga kuti abwana atipatse zenizeni, tingatani? Ife tikapempha amatichotsa."

Nangondo anaganiza za nyumba, za adzukulu, za katundu panja. Koma anali atalikhalira kale buku.

"Amakuchotsani chifukwa mumapita mmodzimmodzi. Tiyeni tiyeseze phunziro lomaliza. Imirirani nonse. Ndikati tsopano, khalani pansi nthawi imodzi, pasatsale munthu. Osatukwana, osaswa kanthu. Kungokhala."

Anayeseza kasanu mpaka anakhoza.

Miyezi itatu anayenda dziko lonse: kofufuta zikopa, kophwanya miyala, kosankha fodya, mpaka anabwerera ku Indebwana komwe, kumene Eneresi, chala atachidula kale kuchipatala, anasonkhanitsa a pa migolo kuseri kwa tchalitchi. Ku Iwalani mabwana ankasangalala. Makalasi anali asanadzazepo chonchi. Bwana Makhuta anatopa kusaina masatifiketi imodziimodzi, nasemetsa chidindo cha dzina lake. Satifiketi iliyonse inkati: Mwini pepalali wamaliza maphunziro a Bungwe, ndipo akulamulidwa kuchita pantchito zonse zimene waphunzitsidwa.

Lolemba lina m'mawa, belu litalira, ufumu wonse wa Gwadani unakhala pansi.

Akapitao anakalipa mpaka mawu anasasa. Antchito ankangowaonetsa masatifiketi mwaulemu. Mabwana anathamangira ku phiri kukachita msonkhano wadzidzidzi, koma anapeza ophika a pa hotela atakhala pa udzu, nawonso ataphunzira. Msonkhano umene unkatenga masiku anayi unatha chakudya chamasana chisanakwane.

Sabata yachitatu sopo anasowa m'dziko. Ku msika wa Nong'onani anthu anabwerera ku phulusa ndi mwala, osadandaula kwenikweni.

"Akuti kunyumba yachifumu nduna zikukhala motalikirana masiku ano," anatero wogulitsa makala.

"N'zaulemu," anayankha mayi wa usipa. "Aliyense akupatsa mnzake mpata woti anunkhe payekha."

Mfumu inali ndi woionera, koma inalibe woinunkhizira. Tsiku lina pakati pa msonkhano wa nduna inakwinya mphuno, nifunsa Maso a Mfumu ngati m'bwalo mwafera mbuzi. Ndunayo inati sikuona mbuzi iliyonse. Mfumu inati sinafunse za kuona. Madzulo a tsiku lomwelo panatuluka malamulo awiri: woyambitsa zimenezi agwidwe, ndipo antchito apatsidwe chilichonse chimene akufuna, bola sopo abwerere.

Mlandu wa Nangondo unali wophunzitsa zosalembedwa m'buku ndi kukhazika dziko pansi. Loya wa Bungwe analankhula maola awiri. Woweruza, bambo wotopa amene kolala yake inali itada, anafunsa ngati woimbidwa mlandu ali ndi chonena. Nangondo anapereka satifiketi imodzi.

Woweruza anaiwerenga mokweza. "Akulamulidwa kuchita zonse zimene waphunzitsidwa. Analamula ndani?"

"Dzina lili pansipo, bwana. Ine kuwerenga zidindo sindidziwa bwino."

Woweruza anayang'ana Bwana Makhuta, amene mwadzidzidzi anapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato yake. Kumanga mayiyu kukanafuna kumanganso mwini chidindo, ndipo mwini chidindo ankadya ndi Mfumu. Choncho chilungamo cha ku Gwadani chinapeza njira yapakati. Nangondo sanapite kundende. Anachotsedwa ntchito, analandidwa nyumba, ndipo analetsedwa kuphunzitsa munthu aliyense chinthu chilichonse mpaka imfa, ngakhale kulozera mlendo njira.

Katundu wake anamupezadi panja, mvula itamunyowetsa. Analira tsiku limenelo, atakhala pa mtolo wa zofunda, ndipo odutsa ankati taonani mayi wolimba mtima, akuseka. Eneresi anabwera ndi wilibala, nawatengera onse anayi kwake, m'chipinda chimene ankasungiramo makala. Patapita sabata Nangondo anayala thumba pa msika wa Nong'onani n'kuyamba kugulitsa tomato.

Magolovesi anafika ndithu. Ntchito yowagula inapatsidwa kwa mlamu wake wa Bwana Makhuta, amene kale ankagulitsa mbuzi. Makatoni atatsegulidwa, magolovesi onse anali a dzanja lamanzere. Bungwe linati limeneli si vuto, likonza maphunziro a kagwiridwe ka ntchito ndi dzanja limodzi.

Eneresi anafika ku msika akufuka utsi, naponya golovesi pa thumba la tomato.

"Taonani zimene tinakhalira pansi milungu itatu! A Nangondo, titani?"

"Ine musandifunse, amwali. Mukufuna andimange?" Wapolisi wa pamsika anali chapafupi, akudya chinangwa cha mwini wake. Nangondo anatola golovesiyo ngati akungoiseweretsa. Analowetsa chala, naitembenuza kunja kukhala mkati, naivala ku dzanja lamanja. Inakwana bwinobwino. Kenako anawerama n'kuyamba kulankhula ndi tomato wake.

"Inu tomato, mumve. Wotembenuza atembenuze yatsopano, isanakhudze soda. Imene yalowapo kale mumgolo asayerekeze, chifukwa soda yense wa kunja uja amakhala pakhungu. Mwamva, tomato?"

"Tomato wamva," anatero Eneresi, natola golovesi yake.

Pofika Lachisanu fakitale yonse inali ikutakasa ndi manja awiri. Nkhani inakwera phiri, ndipo potsika inali itasintha mwini. Bungwe linalengeza kuti patatha kafukufuku wozama, Bwana Makhuta atulukira Njira ya Makhuta Yotembenuzira Golovesi, imene idzaphunzitsidwa m'dziko lonse ngati Gawo Lachiwiri. Mfumu, imene tsopano inali itasamba, inati ibwera yokha ku fakitale kudzaveka katswiriyu mendulo.

Tsikulo mzinda wonse unakhamukira kumeneko. Nangondo anasiyira mnzake tomato n'kukaima kumpanda pamodzi ndi anthu wamba. Anamanga nsanja pafupi ndi migolo kuti zioneke zenizeni. A Dokotala Bwerezani anafotokoza njirayo ndi zithunzi zisanu ndi ziwiri. Kenako Mfumu inati ikufuna wotulukirayo aonetse yekha, Maso a Mfumu aione.

Bwana Makhuta anali asanagwirepo golovesi chibadwire. Katoni ya zatsopano inali itatsekeredwa mu ofesi kuopa akuba, kiyi ali ndi mlamu uja. Anayang'ana uku ndi uku, naona imodzi ili pakamwa pa mgolo, yonyowa, imene wantchito anaivula pothamangira kukafola. Anaitola ndi nsonga za zala. Analimbana nayo mpaka inatembenuka, naisomeka dzanja lake lamanja lofewa lija mpaka m'chigongono, nalikweza m'mwamba kuti dziko lione.

Nthawi yomweyo gulu la malipenga linayamba nyimbo ya ufumu. Lamulo la Gwadani linkati nyimboyi ikamaimbidwa munthu asagwedezeke ngakhale chala, ndipo wogwedezeka pamaso pa Mfumu ankapita kundende zaka zisanu. Nyimboyo inali ndi ndime khumi ndi imodzi, iliyonse yotamanda mfumu imodzi ndi ng'ombe zake.

Pa ndime yoyamba Bwana Makhuta anayamba kuphethira. Pa yachiwiri thukuta linatsika m'makutu. Antchito onse pamzere ankadziwa chimene chikuchitika m'golovesimo, mphindi ndi mphindi, ndipo ankaimba mokweza, momveka bwino, osathamanga.

Mayi wa usipa, amene anaima pafupi ndi Nangondo, anamugunda ndi chigongono osatembenuza mutu.

"Inu, dzanja lija lipsa. Simuwauza avule athire madzi?"

"Ndinaletsedwa kuphunzitsa," anatero Nangondo, nayamba nawo ndime yachitatu.